NJOKA ZA ULULU NDI ANTHU A KU UZIMBA: NDANI ALI PAFUPI NDI MANO ACE?

Mvula ikatha ndipo misewu ya m'Cigwa ca Luangwa ikayamba kuuma, ca m'mwezi wa Meyi, misasa ya alenje imatsegulidwa. Alendo ocokera ku America, ku Ulaya ndi maiko ena amatsika ndeke pa Mfuwe, atanyamula mfuti zao, nalowa m'thengo kukasaka njati, nyalugwe ndi nyama zina zimene Boma lawaloleza. Pa mafunso amene alendowa amafunsa usiku woyamba pozinga moto, funso la njoka silisowa: kodi kuno kuli njoka zakupha, ndipo munthu akalumidwa mumacita naye bwanji?

Funsoli ndi loyenera, ndipo tifuna kuliyankha bwino m'nkhani ino. Koma tisanatero, tiyeni tione m'mene anthu amandandalikirana pamene alondola njati m'mamawa. Patsogolo pamakhala wolonda mapazi, mwana wa m'mudzi wa m'cigwa momwemo, maso ace ali pansi kuwerenga ziboda ndi ndowe. Pambuyo pace pamabwera mlenje wamkulu wa laisensi, kenaka mlendo, kenaka msilikali wa nyama woimira Boma, ndipo potsiriza wonyamula madzi. Ngati mphiri yagona pa kanjira ka mvuu, phazi loyamba kufika pa iyo si la mlendo ai. Mlendo abvala majombo a cikopa cokhuthala ndi buluku lalitali, pamene wolonda mapazi kawirikawiri amayenda ndi nsapato za nsalu kapena nkhwaira za matayala. Cotero nkhani ya njoka ku uzimba ndi nkhani ya abale athu amene amadyera nchito imeneyi.

KUMENE UZIMBA UCITIKIRA

M'dziko lathu la Zambia kusaka sikuloledwa m'kati mwa malo osungira nyama monga South Luangwa kapena Kafue. Kumacitika m'madera ozungulira malowa, amene m'malamulo achedwa Game Management Areas, kumene anthu ndi nyama akhalira pamodzi. Ku Luangwa kuli Lupande, dera la mafumu a Cikunda monga Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Kulinso Lumimba, Munyamadzi, Sandwe ndi West Petauke. Ku Kafue kuli Mumbwa, Sichifulo, Mulobezi ndi ena. Kuyambira mu 2016 nchito yoyang'anira nyama ndi kupereka cilolezo ca kusaka iri m'manja mwa Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA potsatira lamulo la nyama za m'thengo la 2015.

Madera onsewa afanana pa cinthu cimodzi: ali kutali ndi zipatala zazikulu. Kucokera pa Mfuwe kufika ku Chipata ndi mtunda woposa makilomita 100, ndipo misasa yambiri iri kutali kupitirira pa Mfuwe, kuseri kwa mitsinje ya mcenga imene motoka imaoloka mobvutikira. Njoka ya m'thengo ndi njoka ya m'tauni ululu wao ndi umodzi. Cimene cimasiyana ndi maora amene wolumidwa amatha pa njira.

Nyengo nayonso iri ndi mbali yace. M'miyezi ya cisanu, Juni ndi Julayi, njoka siziyendayenda kwambiri, ngakhale kuti mphiri imakonda kuothera dzuwa pa njira ndi pa malo oyera. Kukafika Seputembala ndi Okutobala, pamene kutentha m'cigwa kumafika madigiri 40 ndi kupitirira, njoka zimadzuka ndi kuyamba kufuna cakudya. Mvula yoyamba ya Novembala imaturutsa acule ndi inswa, ndipo njoka zimatsata. Masabata otsiriza a uzimba ndiwo ofunika kucenjera koposa.

Kunena zoona, alendo olumidwa ndi njoka ku uzimba ndi ocepa kwambiri. Njati yolasidwa, njobvu ya mwana, malungo, ludzu ndi ngozi za motoka ndizo zimaopsa kuposa njoka. Njoka zambiri zimamva mgugu wa mapazi kupyolera m'nthaka ndipo zimathawa munthu asanazione. Mitundu yambiri ya njoka za m'dziko muno iribe ululu wakupha munthu, ndipo nsato, ngakhale ndi yaikulu, iribe ululu konse. Komabe pali mitundu inai imene munthu aliyense wogwira nchito m'thengo ayenera kuidziwa ngati m'mene adziwira abale ace.

MPHIRI

Mphiri, imene ena amaicha cipiri, ndi njoka yaifupi ndi yonenepa, ya mutu waukulu wa ngodya zitatu. Kawirikawiri sipitirira mita imodzi. Mawanga ace afanana ndi masamba ouma a tsanya, ndipo cida cace cacikulu ndi kukhala cete. Pamene njoka zina zimathawa, mphiri imangogona, kudalira kuti simuiona. Akatswiri a pa Yunivesiti ya Witwatersrand ku Johannesburg anaonetsa mu 2015 kuti ngakhale agalu ophunzitsidwa amalephera kuipeza ndi mphuno, cifukwa thupi lace silituruka pfungo lomveka. Cotero galu wa pa msasa sangakucenjezeni.

Ngakhale ioneka yaulesi, mphiri imaluma mofulumira kwambiri, ndipo mano ace ndi aatali, olowa m'kati mwa mnofu. Ululu wace umaononga mnofu ndi mitsempha ya magazi. Mwendo umatupa, umawawa kwambiri, matuza amaturuka, ndipo ngati cithandizo cacedwa mnofu umaola. Anthu ambiri olumidwa ndi mphiri safa, koma ena amataya cala, phazi kapena mwendo wonse. Kwa wolonda mapazi, amene cuma cace ndi miyendo yace, kupunduka kotere ndi kutha kwa nchito ndi njala pa banja.

Kumpoto kwa dziko ndi ku Northwestern Province, m'nkhalango zowirira, kuli mbale wace wa mphiri wamkulu kuposa iyo, njoka ya Gaboon, imene mano ace amatha kufika masentimita 5. Ndi yofatsa ndipo siluma kawirikawiri, koma ikaluma bvuto limakhala lalikulu.

MBOBO

Mbobo, imene m'mabuku ichedwa mamba wakuda, ndiyo njoka yoopedwa koposa mu Africa. Thupi lace si lakuda ai, koma lotuwa kapena lodera. Cakuda ndi m'kamwa mwace, mmene imaonetsa ikayasama poopseza. Imatalika mamita awiri ndi theka kapena atatu, ndipo zina zimafika mamita anai. Imakhala m'ziulu zakale, m'mphako za mitengo ndi m'ming'alu ya miyala, ndipo imakonda kubwerera pa malo amodzimodzi kwa nthawi yaitali. Apa ndipo pali ngozi kwa alenje, pakuti culu ndiwo malo amene mlenje amakwerapo kuti aone patali, kapena kubisalapo ponyang'amira nyama.

Nkhani zakuti mbobo imathamangitsa munthu mpaka kumudzi, kapena kuti imapitirira motoka, ndi nthano cabe. Liwiro lace silifika makilomita 20 pa ora, ndiponso pa kamtunda kakafupi. Cimene cimacitika ndi cakuti munthu amaima pakati pa njoka ndi una wace, ndipo iyo pofuna kulowa kwao imalunjika kwa iye. Ikapanikizidwa imadzutsa mutu m'mwamba ndipo imatha kuluma kangapo motsatizana, nthawi zina pa cifuwa kapena pa mkono.

Ululu wa mbobo umagwira mitsempha yoyendetsa thupi. Pa bala sipatupa kwambiri, ndipo ici cimanyenga anthu. Posacedwa wolumidwa amamva dzanzi pa milomo, thukuta limaturuka, zikope zimalemera, malobvu amadontha, mau samveka bwino, ndipo potsiriza amalephera kupuma. Imfa imatha kubwera m'maora ocepa, nthawi zina ora lisanathe. Koma dziwani ici, owerenga athu: cimene cimapha ndi kuleka kupuma. Ngati anzace apitiriza kumuuzira mpweya, pakamwa kapena ndi cipangizo copopera mpweya, kufikira atafika ku cipatala, munthuyo angathe kukhala ndi moyo.

NJOKA YOLABVULA

M'dziko muno muli mitundu iwiri yodziwika ya njoka zotambasula khosi zimene zimalabvula ululu: ya ku Mozambique, yodera ndi ya mizere yakuda pa khosi, ndi ina ya khosi lakuda. Zimalunjika m'maso ndipo ululu wao umafika pa mtunda wa mamita awiri kapena atatu. Pa khungu labwino ululuwo sucita kanthu, koma m'maso umawawa ngati tsabola ndipo ungathe kuononga diso ngati susukidwa msanga.

Njoka imeneyi ndiyo mdani weniweni wa pa msasa. Imayenda usiku kufuna acule ndi makoswe, imalowa m'nyumba ndi m'matenti, ndipo ndi yodziwika kuti imaluma anthu ali m'tulo, pa dzanja kapena pa nkhope. Ululu wace umaoletsa khungu ndi mnofu, ndipo zilonda zace zimatenga miyezi kuti zipole. Mlendo amagona pa bedi m'tenti yotsekeka bwino. Nanga ophika, osenda zikopa ndi otunga madzi amagona motani? Ngati agona pa mphasa pansi, m'kanyumba ka udzu kopanda citseko, ndiye kuti agona pa njira ya njoka.

NJOKA ZA M'MITENGO

Boomslang ndi njoka ya m'mitengo ya maso akuluakulu. Zamphongo zambiri ndi zobiriwira, zazikazi ndi zodera. Mnzace ndi nalikukuti, woonda ngati kamtengo kouma. Zonse ziwiri ndi zamanyazi, mano ao ali kumbuyo kwa kamwa, ndipo zimaluma makamaka munthu amene wazigwira. Amene akwera mtengo kukamangirira nyambo ya nyalugwe, kapena kuthyola nthambi zomangira kobisalira, ayenera kuyang'ana asanagwire.

Ululu wao umaletsa magazi kuundana, ndipo umagwira nchito mwakacetecete. Wolumidwa angathe kutha tsiku lathunthu ali bwino, kenaka magazi ayamba kuturuka m'mphuno, m'nkhama ndi m'kati mwa thupi. Mu Seputembala 1957, Karl Schmidt, katswiri wochuka wa njoka wa ku Chicago, analumidwa pa cala cacikulu ndi kamwana ka boomslang. Poganiza kuti njoka yaing'ono cotero singamuphe, sanapite ku cipatala, koma anangolemba m'buku zimene anali kumva m'thupi. Tsiku lotsatira anamwalira. Katswiri wina wa ku Germany, Robert Mertens, anaphedwa ndi nalikukuti mu 1975. Ngati akatswiri otere ananyengeka, ife tisayese kunena kuti palibe kanthu cifukwa pa bala sipawawa. Mwana wa njoka ndi njoka.

Palinso kanjoka kakuda kokhala m'nthaka, kamene kamaturuka mvula ikagwa. Kaoneka kopanda bvuto, koma mano ace amaturukira m'mbali mwa kamwa, cotero palibe njira yokagwirira ndi manja popanda kulumidwa. Zala zambiri zaonongeka cifukwa ca kanjoka kameneka.

CIMENE CIITANA NJOKA PA MSASA

Njoka sibwera pa msasa kudzafuna anthu. Imatsata cakudya ndi pobisala. Pa malo osendera zikopa pamakhala nyama, mafupa ndi mcere; m'sitolo muli ufa, mpunga ndi shuga. Izi zimaitana makoswe, ndipo makoswe amaitana njoka. Madzi otaika pa bafa amasonkhanitsa acule. Mulu wa nkhuni, malata akale ndi udzu wofolera ndiwo nyumba zabwino za njoka.

Cotero msasa wabwino umalambulidwa mozungulira, zinyalala zimakwiriridwa kapena kutenthedwa kutali, cakudya cimasungidwa m'zitini zotseka, ndipo nkhuni zimaikidwa pa thandala kutali ndi pogona. Aliyense woturuka usiku anyamule tochi ndipo abvale nsapato, ngakhale apita ku cimbudzi cokha. M'mawa gwedezani nsapato ndi zofunda musanazigwiritse nchito. Neti yoteteza udzudzu, ikapindiridwa bwino pansi pa matiresi, imachinganso njoka. Poyenda m'thengo, musalumphe cipika musanaone kuseri kwace. Pondani pamwamba pace, yang'anani, ndipo mutsike. Musapise dzanja m'una kapena m'mphako. Mukakumana ndi njoka, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono ndi kuipatsa njira. Anthu ambiri amalumidwa pamene ayesa kuipha kapena kuigwira, ndipo ngakhale mutu wa njoka yakufa ungathe kuluma.

MUNTHU AKALUMIDWA

Apa ndipo miyambo yathu ndi nzeru za cipatala zimasiyana, ndipo tiyenera kunena mosabisa. Kutema mphini pa bala sikucotsa ululu. Kumangoonjeza cilonda ndi kutaya magazi. Kuyamwa ndi pakamwa kapena ndi kapampu sikuthandiza. Mwala wakuda umene ena amamata pa bala, mafuta a motoka, moto wa magetsi ndi mowa, zonsezi ziribe mphamvu pa ululu. Kumanga mwendo ndi cingwe kapena mphira mothina ndiko koipa koposa: pa bala la mphiri kapena la njoka yolabvula, ululu umaunjikana pamalo amodzi, magazi saloledwa kuyenda, ndipo mwendo umene ukanapola umadulidwa.

Ena adzati: koma uje anacira ndi mankhwala a sing'anga. Yankho ndi lakuti njoka zambiri ziribe ululu woopsa, ndipo ngakhale za ululu nthawi zina zimaluma popanda kuthira ululu. Munthu wotere akanacira ngakhale popanda mankhwala. Koma tsiku limene mbobo yathira ululu wace wonse, maora otaika pa khomo la sing'anga sabwereranso.

Zoyenera kucita ndi izi. Cotsani wolumidwa pafupi ndi njoka ndi kumkhazika mtima pansi. Mbvuleni mphete, koloko, zibangiri ndi nsapato thupi lisanatupe. Mangirirani mwendo kapena mkono ku kamtengo kuti usagwedezeke, monga mucitira ndi pfupa lothyoka. Asayende yekha ngati pali omnyamula. Pangani macira kufikira pa motoka. Mgonekeni cammbali kuti masanzi asamtsamwitse. Lembani nthawi imene walumidwa, ndipo congani ndi bolopeni pamene kutupa kwafika. Ngati nkotheka kujambula njokayo ndi foni muli patali, citani tero, koma musataye nthawi kuisaka. Adokotala amaciza poona zizindikiro za m'thupi. Musampatse asipirini, cifukwa imaonjeza kutaya magazi.

Bandeji yotamuka yokulunga mwendo wonse imathandiza kucedwetsa ululu wa mbobo, koma iyenera kumangidwa ndi munthu wophunzitsidwa, ndipo siyenera kuikidwa pa bala la mphiri kapena la njoka yolabvula. Wolabvulidwa m'maso asukidwe ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 15 kapena 20, asatikite maso, ndipo apite ku cipatala kukapimidwa. Koposa zonse, motoka inyamuke nthawi yomweyo, ndipo uthenga utsogole pa wailesi kapena pa foni kuti a cipatala akonzeke.

MANKHWALA OPHA ULULU

Mankhwala eni eni a ululu wa njoka anayamba ndi dokotala wa ku France, Albert Calmette, m'zaka za m'ma 1890. Njira yace ikali yomweyo: kavalo amalasidwa ululu pang'onopang'ono kufikira magazi ace atapanga mphamvu yolimbana nao, ndipo mphamvu imeneyo imasefedwa ndi kuikidwa m'timabotolo. Kum'mwera kwa Africa kuno, mankhwala odziwika koposa ndi a South African Vaccine Producers ku Johannesburg, amene amagwira pa mitundu 10 ya njoka, kuphatikizapo mphiri, mbobo ndi njoka yolabvula ya ku Mozambique. A boomslang ndi apadera, ndipo a nalikukuti kulibe. Wolumidwa amathandizidwa pompatsa magazi ndi cisamaliro cina.

Ena amafunsa cifukwa cace msasa uliwonse susunga mankhwalawa kuti alase wolumidwa pomwepo. Zifukwa ziripo. Afunika kusungidwa m'firiji, amatha mphamvu pakapita nthawi, ndi okwera mtengo, ndipo wolumidwa kwambiri ndi mbobo angafune timabotolo 10 kapena kuposa. Cacikulu ncakuti thupi la anthu ambiri limakana mankhwala ocokera m'magazi a kavalo, ndipo kukanako kungathe kupha munthu m'mphindi zocepa ngati palibe dokotala ndi zipangizo zomtsitsimutsa. Cotero malo ace ndi ku cipatala.

Koma ngakhale ku zipatala za mu Africa mankhwalawa sapezeka nthawi zonse. Kampani ya Sanofi inaleka kupanga mankhwala ace a Fav-Afrique mu 2014, ndipo otsiriza anatha mphamvu mu 2016. Mu 2023 mankhwala anasowa kwambiri ngakhale ku South Africa komweko. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limati caka ciriconse anthu pafupifupi 5.4 miliyoni amalumidwa ndi njoka, ndipo pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa, pamene opunduka ndi oculuka pafupifupi katatu kuposa akufawo. Mu 2017 bungweli linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a maiko otentha, ndipo mu 2019 linakhazikitsa colinga cakuti imfa ndi kupunduka zicepe ndi theka pofika 2030.

UDINDO WA ENI MISASA

Akulu anati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Anthu a m'cigwa saopa thengo, ndipo nchito ya uzimba imabweretsa malipiro m'midzi mmene nchito ndi zosowa, pamodzi ndi ndalama zimene zimapita ku makomiti a anthu osamalira zacilengedwe. Koma kulimba mtima kwa wanchito sikucotsa udindo wa womlemba nchito.

Mlendo amabwera ndi inshuwalansi imene imaitana ndeke kudzamtenga akadwala. Mwini msasa wanzeru adzifunse ngati njira yomweyo iri yotseguka kwa wolonda mapazi ndi wotola nkhuni. Uzimba usanayambe, afunse ku zipatala zapafupi, monga Kamoto ku Mambwe, St Francis ku Katete kapena cipatala cacikulu ca Chipata, kuti adziwe kumene kuli mankhwala ndi makina othandiza kupuma, cifukwa kuthamangira ku cipatala copanda mankhwala ndi kutaya maora. Akumbukirenso kuti ndeke, ngakhale za Zambia Flying Doctor Service imene inayamba mu 1965, sizitera usiku pa mabwalo a m'thengo opanda nyale, pamene njoka zambiri zimaluma usiku. Motoka ya mafuta okwanira ndi woyendetsa wace zikhale zokonzeka nthawi zonse.

Majombo ndi zochinga miyendo za anchito onse mtengo wace ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi cimene mlendo amalipira pa njati imodzi. Mabedi okwezeka, maneti, matochi ndi tsiku limodzi la maphunziro a cithandizo coyamba sizingagwetse kampani. Ndiponso malamulo a dziko lino afuna kuti wolemba anthu nchito alembetse ku Workers' Compensation Fund Control Board, kuti wobvulala pa nchito alandire cipukuta misozi. Mafumu ndi makomiti a m'midzi ali ndi mphamvu yofunsa zinthu zimenezi pokambirana ndi makampani.

Potsiriza, tisaganize kuti mankhwala a bvutoli ndi kupha njoka iriyonse imene taona. Njoka zimadya makoswe amene amatha cimanga m'nkhokwe ndi kufalitsa matenda. Ndipo tikumbukire kuti olumidwa ambiri m'dziko muno sali ku uzimba konse, koma ndi alimi m'minda, amai otola nkhuni, abusa a ng'ombe ndi ana oyenda opanda nsapato madzulo. Uzimba ukatha mu Novembala, anchito a m'misasa amabwerera ku midzi yao nthawi yomwe mvula iyamba ndipo makasu alowa m'minda. Wolonda mapazi amene waphunzira kuti pa bala satema mphini, kuti mwendo samanga ndi mphira, ndi kuti wolephera kupuma amauziridwa mpweya, apite nazo nzeruzi kwa mkazi wace, kwa ana ace ndi kwa anyakwawa, kuti tsiku limene njoka idzaluma munthu m'munda, a m'mudzi adzadziwe cocita ndi kumene ayenera kuthamangira.